PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUSUNGA THUPI PA NYENGO YA KHIRISIMASI NDI NYUWERE

Anzathu a ku Masambanjati ndi midzi yonse yozungulira, mwezi wa Disembala wafika. M'nyumba zambiri anthu ayamba kale kupangana za mpunga ndi nkhuku, za zovala za ana, ndi za abale amene ali panjira kuchokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Kukondwera nkwabwino ndithu, ndipo munthu amene wakhetsa thukuta chaka chathunthu ayenera kukhala nalo tsiku loseka ndi abale ake. Koma m'phunziro lino tifuna kukumbutsana chinthu chimodzi. Chikondwerero chimatha m'masiku awiri kapena atatu, pamene thupi lathu ndi nkhokwe yathu ziyenera kutifikitsa mpaka mwezi wa Epulo, nthawi ya zokolola. Tsono tiyeni tione mmene tingadyere Khirisimasi ndi Nyuwere mwakuti pa 2 Januwale tidzadzuke ndi mphamvu zathu zonse.

Inu aphunzitsi ndi nonse odziwa kuwerenga, tikupemphani kuti muwawerengere anzanu mau awa pabwalo la amfumu, kutchalitchi ndi pamsonkhano wa banki m'khonde. Ngakhale iwo amene sasunga tsiku la Khirisimasi amve nawo, pakuti mvula, udzudzu ndi njinga zamoto sizifunsa mpingo wa munthu.

CHIFUKWA NINJI NYENGO INO NJOVUTA KWATHU KUNO?

Ku maiko a ku Ulaya Khirisimasi imafika m'nyengo yachisanu, pamene m'minda mulibe ntchito yambiri. Kwathu kuno imatipeza titasenza akatundu anayi olemera.

Woyamba ndi tiyi. Mvula ikagwa tiyi amaphuka msanga, ndipo masamba ochuluka a chaka chonse amathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Epulo. Nchifukwa chake maesiteti a m'boma la Thyolo, monga Makwasa, Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, amalemba anthu ambiri nthawi imeneyi. Wothyola tiyi amaima tsiku lonse dengu lili kumsana, akuvumbwa ndi mvula, ndipo malipiro ake amakwera monga mwa kulemera kwa masamba pasikelo. Tsiku limene wagona ndi malungo kapena matsire, ndalama imene akadaipeza pa masamba oonjezera yapita.

Wachiwiri ndi munda wathu. Udzu sudziwa kuti kuli Khirisimasi. Chimanga chimene chinamera kumayambiriro kwa Disembala chimafuna kupalira, ndiponso feteleza wobereketsa pakapita masabata 3 kapena 4 chimerereni, ndiye kuti m'masiku omwewa a chikondwerero.

Wachitatu ndi chakudya. Malo olima kuno ngochepa ndipo anthu ngambiri, motero m'mabanja ambiri chimanga chimakhala chitatsala pang'ono. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya njala, imene mtengo wa chimanga umakwera pamsika.

Wachinayi ndi matenda a dzinja, makamaka malungo, kutsegula m'mimba ndi kolera. Matenda amenewa akapeza thupi lotopa, losagona ndi losadya mokwanira, amaligwetsa mosavuta. Tiyambe ndi iwowa.

MADZI NDI CHAKUDYA CHA PAPHWANDO

Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Marichi 2022 unafalikira m'maboma onse a dziko lino. Pofika pakati pa chaka cha 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Mliriwo unakula kopambana mu Januwale 2023, ndipo mwezi womwewo Boma linachedwetsa kutsegula sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe.

Kodi kolera amayenda bwanji? Tizilombo take timatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nato. Mvula ikakokolola zonyansa za kuthengo, kapena chimbudzi chikasefukira, madziwo amatsikira m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje. Taganizani za midzi yathu: nyumba zili pamtunda, zitsime zili kumunsi m'makhwawa. Ndiye paphwando anthu 20 amatunga mumtsuko umodzi ndi kapu imodzi, nasamba m'manja m'beseni limodzi. Tizilombo ta munthu mmodzi tafika kwa onse.

Chitani izi:

1. Madzi akumwa, ngakhale othira mu thobwa kapena osungunulira Sobo, awiritseni mpaka abwadamuke. Kapena thiranimo klorini monga mwa muyeso umene alangizi a zaumoyo akuuzani, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Mtsuko ukhale wovundikira.

2. Posamba m'manja thiriranani madzi ndi kapu, ndipo pakhale sopo. Beseni lingolandira madzi akuda.

3. Phikani chimene anthu angathe kuchimaliza, ndipo chidyedwe chikali chotentha. Mpunga ndi nyama zogona zimaonongeka msanga m'nyengo yotentha ino. Zitenthetseninso mpaka zituluke nthunzi, ndipo zikasintha fungo zitayeni.

4. Nyama ya chiweto chofa chokha musaigule, ngakhale itchipe motani.

5. Mango muwatsuke ndi madzi abwino. Bowa amene simukumudziwa bwino musiyeni kuthengo komweko. Kalongonda musamuphike mothamanga chifukwa cha alendo, pakuti wosapsa bwino amadwalitsa.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo kolera angathe kupha wamkulu m'maola owerengeka. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimupatsa pang'onopang'ono kosalekeza. Ngati Thanzi palibe, mu lita imodzi ya madzi thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Chimbudzi chikakhala chamadzi onga otsukira mpunga, nyamukani naye nthawi yomweyo, akumwa Thanzi panjira. Musanene kuti tipita likatha phwando. Chipatala cha Malamulo ku Makwasa ndi chipatala cha Boma ku Thyolo zimalandira odwala mwakayakaya ngakhale pa tsiku la tchuthi.

UDZUDZU WA PAMCHEZO

Udzudzu wopatsa malungo umaswana m'madzi odikha, ngakhale m'kathaphwi kakang'ono, ndipo kuchokera pa dzira kufika pouluka pamapita pafupifupi masabata awiri okha. Umaluma makamaka usiku. Tsono onani: masiku a Khirisimasi ndi Nyuwere ndiwo amene anthu amachezera panja, ena pamapemphero, ena pagule, ndipo alendo amagona pamphasa pabalaza popanda neti. Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amabisala m'thupi masiku 10 kapena 15, kotero kuti wolumidwa pa 25 Disembala amadzagwa m'sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Januwale, nthawi imene tiyi ndi chimanga zikumufuna kwambiri.

Konzani neti ya alendo asanafike, ndipo sokani pamene pang'ambika. Neti yotchingira anapiye kapena mbewu za kudimba siteteza mwana. Ngati maneti achepa, oyamba kugonamo akhale amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 5. Opita kumchezo avale zofika m'mikono ndi m'miyendo, ndipo ana aang'ono abwerere msanga kukagona.

Abale ochokera ku Johannesburg tiwachenjeze kwambiri. Kumeneko kulibe malungo, ndipo munthu amene wakhalako zaka zingapo mphamvu ya thupi lake yolimbana ndi malungo imachepa. Motero akalumidwa kuno angathe kudwala koopsa kuposa ife. Thupi likatentha atabwerera kale, auze dokotala msanga kuti anali ku Malawi.

Thupi likatentha, pitani tsiku lomwelo mukayezetse magazi a pachala. Ngati ndi malungo mudzalandira LA, mankhwala amene zipatala zathu zinayamba kupereka m'chaka cha 2007. Amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo nkwabwino kumwa mutadya. Malizani onse ngakhale mupeze bwino pa tsiku lachiwiri, ndipo musagawireko mnzanu. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa, ameneyo ngwothamanga naye ngakhale usiku.

MOWA NDI ULENDO

Mowa ukalowa m'magazi, chiwindi ndicho chimauchotsa, ndipo chimagwira ntchito yake pang'onopang'ono. Botolo limodzi laling'ono la mowa wa m'sitolo chimatha nalo ola lathunthu kapena kupitirira. Kusamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi wowawa sikuchifulumizitsa ayi. Ndiye kuti munthu amene wamwa kwambiri mpaka pakati pa usiku amadzuka mowa ukali m'magazi, ngakhale iye aziti watsitsimuka. Woteroyo sayenera kuyendetsa njinga yamoto kapena kugwira makina kufakitale m'mawa mwake.

Kachasu ngwoopsa kopambana chifukwa mphamvu yake palibe anaiyesa, ndipo mowa wosakaniza ndi sipiriti wa mtundu wina umachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015 litaona mmene unali kuonongera achinyamata, ndipo lamulo silola kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Inu abambo, musatume ana kukagula mowa, ndipo musawalawitse poti lero ndi Khirisimasi. Amayi oyembekezera asamwe konse, pakuti mowa umafika kwa mwana m'mimba. Amene mumamwa, yambani mwadya, muzimwako madzi pakati, ndipo tsimikizani muyeso wanu musanachoke pakhomo. Ndalama ya chimanga isiyeni kunyumba.

Msewu wochokera ku Thyolo kudzera ku Makwasa mpaka ku Thekerani uli ndi makhota ndi zitunda zambiri, ndipo timisewu ta m'midzi timaterera mvula ikagwa. Anyamata a kabaza amapeza ndalama zambiri masiku ano, motero ena amayenda usana ndi usiku osapuma. Inu wokwera muli nayo mphamvu yokana. Woyendetsa akamanunkha mowa, kapena akafuna kukweza anthu atatu ndi katundu, tsikani mudikire wina. Funsani helemeti ndipo muimange pachibwano.

Mitsinje monga Nsuwadzi ndi timakhwawa take imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene inu muli pasanagwe dontho. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. Ngati mtsinje wadzaza, gonani kwa abale tsidya lomwelo. Kukachita ziphaliwali musabisale pansi pa mtengo wautali umene uli paokha pakati pa munda. Fulumirani kulowa m'nyumba.

MANKHWALA A TSIKU NDI TSIKU

Boma la Thyolo linali limodzi mwa maboma oyamba kupereka mankhwala a ARV kwa anthu a kumidzi. Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 2003 mothandizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, ndipo m'chaka cha 2004 Boma linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere m'dziko lonse. Anthu ambiri amene akuthyola tiyi ndi kulera zidzukulu lero ali moyo chifukwa chakumwa mokhulupirika. Koma m'nyengo ino ena amadumphitsa masiku chifukwa cha ulendo, chifukwa cha mowa, kapena pochita manyazi kumwa alendo akuona. Kachilombo kakapeza mpata wotero kamachulukanso m'magazi, ndipo kangathe kuyamba kusamva mankhwala.

Werengani mapiritsi anu lero. Ngati adzatha m'masiku a tchuthi, pitani kuchipatala msanga mukafotokoze. Pokonza ulendo, mankhwala ndi buku la kuchipatala zikhale zoyamba kulowa m'chikwama. Mlendo amene mankhwala amuthera ali kuno apite ndi buku lake kuchipatala chapafupi. Mau omwewa akukhudzanso amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, a kuthamanga kwa magazi, a shuga ndi a khunyu. Odwala shuga asamale zakumwa zotsekemera, ndipo a kuthamanga kwa magazi achepetse mchere.

Nyengo ya ndalama ndi mowa ndiyonso nyengo ya zibwenzi za tsiku limodzi. Kudzisunga ndiko kopambana, ndipo makondomu amapezeka kwaulere m'zipatala za Boma. Munthu amene wagwiriridwa apite kuchipatala pasanathe maola 72, pakuti alipo mankhwala oteteza ku HIV amene amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Nkhaniyo ikafikenso kupolisi.

TULO NDI KUGAWANA NTCHITO

Munthu wamkulu amafuna tulo ta maola 7 kapena 8. Amene wachezera usiku umodzi angathe kubweza tulo mawa lake, koma wochezera masiku atatu otsatana kenaka nkukagwira chikwanje, ndiye amadzitema yekha. Sankhani mchezo umodzi, enawo muwasiye.

Tinenenso za amayi. M'mabanja ambiri mayi ndiye amadzuka mbandakucha kukatunga madzi, nasakanso nkhuni zouma m'dzinja, naphika, nagawa, natsuka mbale, ndipo iye amadya pomalizira zotsala. Mawa lake ali kumunda wa tiyi pamodzi ndi anzake. Kodi ameneyu wadya Khirisimasi? Abambo ndi anyamata, kutema nkhuni, kutunga madzi panjinga ndi kusosola nkhuku sikuchotsa ulemu wa munthu. Alendo okhalitsa apatsidwe khasu. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa apatulidwire ndiwo yake poyamba, apumeko masana, ndipo asaphonye tsiku la sikelo. Agogo amene amakhala okha apititsireni mbale ikali yotentha, muonenso ngati denga lawo likudontha.

NDALAMA NDI MTENDERE WA MUMTIMA

Nkhawa ya ngongole imadwalitsa ngati malungo. Imalanda tulo, imayambitsa ndewu m'banja, ndipo ena imawafikitsa pofuna kudzipha. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, ndipo malipiro a tiyi amayamba kuoneka nthawi yomweyi. Ndalama ikafika, mwamuna ndi mkazi akhale pansi pamodzi, aigawe milu inayi. Mulu woyamba ndi wa chimanga chofikitsa banja ku Marichi. Wachiwiri ndi wa feteleza. Wachitatu ndi wa makope, zolembera ndi yunifolomu, pakuti sukulu zimatsegula mu Januwale, ndiponso kandalama ka ulendo wa kuchipatala. Chotsalacho ndicho mulu wachinayi, wa chikondwerero. Mukayamba ndi mulu wachinayi, milu inayo idzasowa.

Musagulitse chimanga cha m'nkhokwe kapena feteleza kuti mugule mpunga, chifukwa thumba lomwelo mudzaligula mokwera mtengo mu Febuluwale. Musakongole katapila chifukwa cha phwando. Wokongola K10,000 kawirikawiri amauzidwa kubweza K15,000 kapena kuposa pakutha pa mwezi, ndipo mwezi wakewo ndi Januwale. Mnansi wanu akapha mbuzi, inu iphani nkhuku yanu mopanda manyazi. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Mukaona mbale wanu wasiya kudya, sagona, akudzipatula, kapena akulankhula mau otsanzika, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Khalani naye, mumvereni, mubise mankhwala a mbewu ndi zingwe, kenaka mumuperekeze kuchipatala. Abusa ndi ankhoswe athandizepo. Kumene kwabuka nkhanza m'banja, apolisi ali ndi ofesi yothandiza ozunzidwa.

ANA PA TCHUTHI

Makolo akatanganidwa ndi alendo, ana amayenda okha. Dziwani kumene mwana wanu ali dzuwa likamalowa. Ana asasambe m'mitsinje yodzaza kapena m'madamu a m'maesiteti. Mafuta a nyale ndi mankhwala a mbewu musawasunge m'mabotolo a zakumwa, pakuti mwana amayesa Fanta. Atsikana a sukulu atetezedwe kwa anthu obwera ndi mafoni ndi ndalama. Chiyambire kusintha kwa malamulo aakulu a dziko lino m'chaka cha 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kumukwatitsa ndi mlandu. Mafumu ndi aphunzitsi, mudzawerenge ana m'kaundula sukulu zikatsegula, ndipo amene sanabwerere mukawafunefune kwawo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

Aphunzitsi afunse mafunso awa m'kalasi sukulu zisanatsekere, ndipo akulu akambirane pabwalo.

1. Tchulani akatundu anayi amene Khirisimasi imatipeza titasenza kuno ku Thyolo.

2. Chifukwa ninji kusamba m'manja m'beseni limodzi nkoopsa? Nanga tichite bwanji?

3. Ngati Thanzi palibe, mungakonze bwanji madzi opatsa munthu wotsegula m'mimba?

4. Munthu wolumidwa ndi udzudzu usiku wa Nyuwere angayambe kudwala liti?

5. Chifukwa ninji mbale wochokera ku Johannesburg ayenera kugona m'neti?

6. Kodi m'mudzi mwanu ndani ali ndi foni ndi njinga zimene zingathandize wodwala usiku? Ngati simunapangane, panganani sabata ino.

Tikufunirani nonse Khirisimasi yabwino ndi Chaka Chatsopano chamtendere. Idyani, imbani, chezani ndi alendo anu, ndipo tidzakumanenso m'phunziro la Januwale tonse tili amoyo ndi athanzi.